Maphunziro a Kudzala ndi Botolo la Esinati

Ana anga, za ubwana wanga kwa agogo anu mukuzidziwa kale, sindizibwereza pano. Mutu uno ndi wa ntchito yanga ya uphunzitsi, makamaka zaka zoyambirira za matipate, pamene ambiri a inu munali aang'ono moti simunkadziwa zimene zinkachitika kusukulu kumene ndinkapita m'mawa uliwonse.

1979, ku Dzoole

Ntchito ndinaiyambira pa kasukulu kena ka mishoni kufupi ndi Dzoole. Ndinafika ndi sutikesi ya malata, mphasa, ndi kalata ya ku ofesi ya maphunziro. Ahedi a pamenepo anali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, ndipo atangoona kuti ndine mtsikana anandipatsa Sitandade 1 osandifunsa n'komwe. Aphunzitsi aamuna ankaithawa kalasi imeneyi, ankati ndi yopukuta mamina. Ine ndinailandira poti panalibe chosankha, koma ndinadzaikonda, moti mpaka kupuma kwanga sindinachoke m'makalasi a ana aang'ono.

Masiku amenewo ana anali ochepa chifukwa sukulu inali yolipira ndipo yunifolomu inali yokakamiza. Mwana aliyense anali ndi sileti yake. Choko ankachisunga ahedi m'kabati yokhoma, n'kumatipatsa pang'onopang'ono Lolemba lililonse, ndipo tizidutswa totsala tinkabweza m'chitini kuti tidzasinjidwe n'kuumbidwanso. Ndinkaona ngati ndi kuumira chabe. Ku Dzoole komweko ndi kumene ndinakumana ndi bambo anu, atabwera kudzakonza mabenchi a m'tchalitchi. Tinakhalako zaka zisanu ndi zinayi, kenako anandisamutsira ku sukulu ina kufupi ndi Chisepo, ndipo bambo anu anatsegula shedi yawo ya ukalipentala pa msika wa pamenepo.

1994, ku Chisepo

Sukulu ya ku Chisepo inali pakati pa midzi ndi esiteti yaikulu ya fodya. Pa esitetiyo pankakhala matenanti ochokera kutali, ambiri a ku Mulanje ndi ku Phalombe, m'tinyumba taudzu tondandalikana kuseri kwa zigafa zoumitsiramo fodya. Ana awo tinkangowaona panjira atasenza nkhuni kapena atabereka ang'ono awo. Kusukulu sankabwera.

Boma latsopano litalengeza kuti maphunziro a pulayimale ndi aulere ndiponso kuti mwana asabwezedwe chifukwa cha yunifolomu, zinthu zinasintha tsiku limodzi. M'mawa wotsegulira sukulu ndinapeza bwalo lonse lili yakaliyakali ndi ana, kuphatikizapo a matenanti aja. Ena anali aang'ono osatha kutchula dzina la bambo awo, ena anali atsikana oti atsala pang'ono kutha msinkhu, onse akufuna Sitandade 1. Kaundula anadzaza dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndinachita kumata mapepala ena kumapeto kwake. M'chipinda sitinakwanemo. Anatipatsa mtengo wa mkuyu wa kumunsi kwa bwalo, bolodi n'kulikoleka pa msomali.

Ahedi athu anali a Kamwendo. Sanali munthu woipa, ndipo ndikufuna muzikumbukire zimenezi mukamawerenga zotsatirazi. Anagwira ntchito zaka zambiri mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo anazolowera kuti munthu amakhalitsa pantchito akamapewa kuti dzina lake lizitchulidwa ku ofesi. Tsopano zinawasokoneza. Makolo amene kale ankavula chipewa pachipata anayamba kulowa mu ofesi n'kumalankhula za ufulu wawo. Aphunzitsi atsopano amene anatitumizira anali anyamata ndi atsikana ongomaliza kumene sekondale, osapita ku koleji. Mabuku, makope ndi masileti ankati zili m'njira, ndipo zinakhala m'njiramo chaka chonse. A Kamwendo anatsala ndi zaka ziwiri kuti apume, choncho ankangofuna kuti zaka zimenezo zidutse popanda kalata yowadzudzula.

Miyezi yoyamba ana ankalemba pansi ndi chala. Mphepo ikawomba zilembo zinkafufutika, mvula itayamba pansi panasanduka matope. Ndinkabwerera kunyumba mawu atatha, ndikudziwa kuti ana akumbuyo sanamve kanthu.

Tsiku lina lamsika ndinapita kushedi kwa bambo anu ndipo ndinadutsa kuseri kwa magolosale. Kunali dzala lalikulu, ndipo mwini golosale wina ankayatsa moto kuti atenthe makatoni. Zaka zimenezo malonda anachuluka, aliyense ankagulitsa kanthu, ndipo majumbo anali mbwee m'misewu, m'minda, mpaka m'dambo. Mbuzi zinkafa chifukwa chodya majumbo. Ndinaima n'kuwapempha bambowo kuti asatenthe, andipatse ine makatoniwo. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma anandipatsa. Bambo anu anawadula mofanana, ine n'kuwapaka makala osinja osakaniza ndi kaphala ka ufa. Atauma anakhala masileti. Sankakhalitsa, koma mwana ankatha kulembapo "a" n'kundionetsa m'mwamba, ine n'kuona ndili kutsogolo.

1995, phunziro la Lachisanu

Kuchokera pa makatoniwo ndinayambitsa phunziro limene silinali pa ndandanda ya boma. Lachisanu lililonse mwana aliyense ankabwera ndi chinthu chimodzi chimene chinatayidwa, chotsukidwa bwino. Ankaimirira n'kunena kuti chinali chiyani, ndiyeno anzake ankanena chimene chingakhale tsopano. Anawo ndi amene analipatsa dzina lakuti phunziro la kudzala.

Zitsekerero za mabotolo tinkaziboola n'kuzitunga pa waya, khumi khumi, zowerengera masamu. Mapepala a matumba a simenti, amene tinapempha kwa amisiri omanga tchalitchi, tinkawakutumula, kuwadula ndi kuwasoka ndi ulusi wa m'matumba a feteleza kuti akhale makope. Matumba a fetelezawo tinkakhalira pansi pakanyowa, ena tinkasoka zikwama. Zitsononkho zinali zofufutira. Majumbo tinkawapota zingwe zodumpha ndi kukulunga mipira, ndipo timapepala ta shuga tinkathiramo dothi n'kufesamo mitengo, poti ndinkafuna kuti pabwalopo padzakhale mithunzi ina kuwonjezera pa mkuyu uja. Chimene chatsala osapezeka ntchito yake tinkachiponya m'dzenje. Ana anafika poti akaona mnzawo akutaya pepala ankamufunsa ngati walemba mbali zonse ziwiri.

Si onse anakondwera. Mayi wina wa m'mudzi anabwera ali wokwiya, nati iye anatumiza mwana kudzaphunzira Chingerezi, osati kuti azitoleza zinyalala m'misika ngati wamisala. Ndinamukhazika pa thumba la feteleza n'kuitana mwana wakeyo kuti awerenge zitsekerero mpaka makumi asanu. Mayiyo anachoka osayamika, koma sanabwerenso kudzadandaula. A Kamwendo ankangodutsa chapatali manja ali kumbuyo. Anandiuza kamodzi kuti bola ndisaiwale kulemba masikimu, ndondomeko ya zimene ndiziphunzitsa teremu yonse.

Amene ankachita bwino kwambiri pa phunziroli anali ana a matenanti, chifukwa kwawo analibe chotaya chiyambire. Pakati pawo panali mtsikana wina dzina lake Esinati, wa zaka mwina zisanu ndi zitatu, mwana wa a Makwinja. Miyezi yoyamba sankalankhula m'kalasi poti anzake ankamuseka kalankhulidwe ka kwawo. Koma manja ake anali aluso. Iye ndi amene anasoka chikwama choyamba chokhala ndi lamba, ndipo ana omwe ankamuseka aja anayamba kumuzungulira kuti awaphunzitse. Kuyambira pamenepo anayamba kukweza dzanja ngakhale pa masamu ndi pa Chichewa.

Pakati pa chaka alangizi a sukulu za m'dera lathu anabwera kudzayendera. Anakhala pansi pa mkuyu m'mawa wonse, akutembenuza makope athu a simenti. Pochoka anandiuza kuti apereka dzina langa ku boma kuti ndizikaphunzitsa aphunzitsi atsopano a sukulu zina kupanga zipangizo, ndiponso kuti malo a wachiwiri kwa ahedi pa sukulu yathu ndi opanda munthu. Ndinali nditagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi popanda kukwezedwa. Sindikubisirani, ndinakondwa, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu amene sangalakwitse pa nkhani imeneyi.

Chilimwe cha 1995

Chaka chimenecho kunatentha kwambiri, ndipo mjigo wa pasukulu unawonongeka. Ana ankafooka ndi ludzu, mbande zathu za mitengo zinayamba kufota. Ndinawauza kuti aliyense apeze botolo kapena kachigubu kotayidwa, akatsuke, ndipo azibwera ndi madzi: theka lakumwa, theka lothirira mtengo wake. Ndinaona kuti limenelinso ndi phunziro labwino.

Lolemba anabwera ndi mabotolo a mitundumitundu, a mafuta ophikira, a sikwashi, ena otsekera ndi chitsononkho. Esinati anabwera ndi botolo loyera lapulasitiki yolimba, la chitsekerero chofiira chopotokola, chimene sichinkadontha ngakhale ulizondotse. Pepala la pamimba pake linali litapalidwa. Ndinalitenga, kulikweza m'mwamba, n'kuuza kalasi yonse kuti botolo labwino kuposa onse ndi limeneli. Nditatsegula ndinamva kafungo kapatali ngati ka parafini. Ndinamufunsa ngati watsuka, iye anati watsuka katatu ndi mchenga. Sindinafunse kuti walitenga kuti. Inali nyengo ya nazale za fodya, pamene pa esiteti amapopera mankhwala tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinakulira m'dera la fodya. Ndinayenera kudziwa.

Lachitatu cha m'ma teni koloko, tikuimba nyimbo ya zilembo, mwana wina anandikoka chitenje n'kunena kuti Esinati wagona pansi. Ndinamupeza thukuta lili kamukamu, dovu likutuluka mkamwa, akunjenjemera manja ndi miyendo. Anali atasanza. Nditamutsegula maso ndinaona kuti timadontho takuda ta pakati tachepa ngati nsonga ya singano. Pambali pake panali botolo lija, madzi atatsala pang'ono, litakhala padzuwa m'mawa wonse. Nditanunkhiza, fungo lija linali lamphamvu, ndipo nthawi yomweyo ndinalizindikira.

Mphunzitsi wa Sitandade 4 anatikweza pa njinga yake, ine nditamufungata mwanayo, mpaka pa msika. Pamenepo tinapeza matola opita ku Mponela. Botolo ndinalimanga kunsonga ya chitenje. Njira yonse ndinkamupukuta dovu ndi kumuitana dzina kuti asagone. Kuchipatala dokotala atanunkhiza botolo sanafunse zambiri, anangoitanitsa jakisoni, n'kumubaya kangapo motsatizana. Anandiuza kuti mankhwala amenewa amalowerera m'pulasitiki, satha ndi kutsuka, ndipo madzi akatenthedwa ndi dzuwa amawatulutsa. Anati ndachita bwino kubwera ndi botolo, chifukwa akanataya nthawi kuyeza malungo. Ana ena awiri amene anamwako pang'ono anangodwala m'mimba.

A Makwinja anafika dzuwa litapendeka, matope a kunazale ali m'miyendo. Anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa. Anakhala pansi pakhonde, chipewa chili pabondo, n'kundifotokozera kuti mabotolo amenewa amatayidwa kuseri kwa zigafa, ndipo m'nyumba za matenanti ambiri amasungiramo mchere ndi nyemba zambewu. Iwo sankadziwa kuwerenga, ndipo palibe anawauzapo kuti ndi oopsa ngakhale atatha. Anati mwanayo anapala yekha pepala lija pofuna kuti botolo lake likongole, aphunzitsi akaliyamikire. Sanandinene. Anandithokoza chifukwa chothamanga naye, ndipo kuthokozako kunandipweteka kuposa mmene kutukwana kukanandipwetekera.

Esinati anakhala m'chipatala masiku asanu, n'kutuluka wamoyo.

Lipoti la a Kamwendo

Mwanayo asanatuluke, a Kamwendo anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko. Anati kapitawo wa pa esiteti anabwera. Malinga ndi kapitawoyo, mabotolo a mankhwala amasungidwa m'nyumba yokhoma, choncho ngati lina lapezeka kunja ndiye kuti tenanti waba, ndipo a Makwinja achotsedwa pa esiteti sabata isanathe. Tenanti akachotsedwa fodya asanagulitsidwe amachoka chimanjamanja ndi banja lake lonse, ntchito imene wagwira n'kupita pachabe. A Kamwendo anati zimenezo ndi za esiteti, ife zathu ndi za sukulu. Anandionetsa lipoti limene analemba kuti lipite ku boma. Linkanena kuti mwanayo anabwera ndi botolo kuchokera kunyumba mphunzitsi osadziwa, ndipo sukulu sinauzepo ana kuti azitola mabotolo. Pansi pake panali malo oti ndisainire.

Ndinawauza kuti si mmene zinayendera. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Mayi Mwale," anatero, "mwana wachira, tithokoze Mulungu. Matenanti amabwera n'kupita, chaka chamawa sadzakhala pano ndi kale. Inu muli ndi ana anayi, ndipo dzina lanu lili patebulo ku boma. Mukufuna mulichotsepo nokha?"

Ndinapempha kuti andipatse masiku awiri.

Masana amenewo ndinapita kushedi kwa bambo anu. Anamvetsera akupala thabwa, ndipo atamaliza anandiuza maganizo awo mosabisa. Anati ndisaine. Anati sindinachite dala, kuti amene anataya mabotolo poyera ndi esiteti, ndipo akandisamutsa iwo sangathe kunyamula shedi ndi makasitomala awo pamutu. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo sindinawakwiyire. Ndinabwerera kunyumba nditatsala pang'ono kuvomera.

Chimene chinandibweza chinachitika m'kalasi m'mawa wake. Ndinauza ana kuti asabwerenso ndi mabotolo mpaka nditanena. Mtsikana wina wamng'ono wa kutsogolo anakweza dzanja n'kufunsa ngati botolo la Esinati linali loipa. Ndinati inde. Iye anati, "Koma aphunzitsi, munati ndi labwino kuposa onse." Sankanditsutsa, ankangofuna kumvetsa. Ndinayang'ana kalasi yonse ija ili pansi pa mkuyu, ndipo ndinaona kuti aliyense wa iwo anandiona ndikukweza botolo lija. Ku boma bodza likanayenda, koma ana amenewa ndikanakhala nawo tsiku lililonse, iwo akudziwa, ine ndikudziwa, pamene malo a Esinati ali opanda munthu. Pa nthawi yopuma ndinapita ku ofesi n'kubweza lipoti losasaina. A Kamwendo sanakweze mawu. Anangoti ndiye kuti ndikazinena ndekha pamsonkhano wa makolo umene aitanitse.

Msonkhano unachitika Loweruka m'mawa pansi pa mkuyu womwewo. Panali akomiti ya sukulu, makolo ambiri, alangizi aja, ndi kapitawo wa pa esiteti. Matenanti anakhala paokha chakumbuyo. Kapitawo analankhula zake za nyumba yokhoma ndi za kuba. A Makwinja atafunsidwa anangoti iwo sanabe, mawu awo osamveka bwino. Kenako wapampando wa komiti anandipatsa mpata.

Ndinaimirira. Ndinati, "Amene anauza ana kuti atole mabotolo ndine. Botolo la Esinati ndinaligwira ndi manja angawa, ndinamva fungo, koma sindinafunse. M'malo mwake ndinaliyamikira pamaso pa ana anu onse. Bambo awa sanabe kanthu, ndipo mwanayo anangochita zimene mphunzitsi wake anamuuza. Ngati pali woti alangidwe, muyambire kwa ine."

Panali phokoso. Mayi wa mmodzi mwa ana awiri amene anadwala m'mimba aja anandiloza chala n'kunena kuti ndikanapha ana a anthu chifukwa chofuna kutchuka ndi zinyalala. Mbali ina ankanena zoona. Koma nditangovomera ine, anthu ena anamasuka. Bambo wina wa m'mudzi anati iye amadyetsa ng'ombe zake kuseri kwa zigafa, ndipo mabotolo oterewa ali mbwee m'ngalande, aliyense angathe kukaona. Wapampando anafunsa kapitawo ngati angalole kuti akomiti apite limodzi naye nthawi yomweyo. Kapitawoyo anayamba kunena zina, kuti mwina anyamata opopera ndi amene sanatsatire malangizo. Za kuba sanazitchulenso. A Makwinja anakhalabe pa esiteti, ndipo sabata yotsatira tinamva kuti mabotolo aja akwiriridwa.

Alangizi anandiitanira pambali anthu akubalalika. Anati amandilemekeza, koma lipoti alilemba monga amvera, ndipo dzina langa sangalisiye pamene analiika. A Kamwendo analetsa phunziro la kudzala. Makope a simenti ndi zitsekerero anati zikhale, poti panalibe china chogwiritsa ntchito, koma mwana asabwerenso ndi kanthu kotola.

Ndinawapempha Lachisanu limodzi lokha lomaliza, ndipo anandilola. Tsiku limenelo Esinati anali atabwerera, ataonda, atakhala kumbuyo kwenikweni mutu uli pansi, chifukwa ankaganiza kuti iye ndi amene anapalamula. Ndinamuitana kutsogolo n'kumupepesa anzake onse akumva, kumuuza kuti wolakwa ndi ine. Ana anadabwa, sanaonepo mphunzitsi akupepesa mwana. Kenako ndinajambula chigaza ndi mafupa awiri pa katoni, monga zimakhalira pa mabotolo a mankhwala, ndipo aliyense anachijambula pa sileti yake. Ndinawauza kuti chinthu chimene sakudziwa kuti munali chiyani asachitole, ngakhale chikongole bwanji, ndipo akakauzenso makolo awo. Matenanti angapo anataya mchere wawo sabata imeneyo.

Kalata yondisamutsa inafika teremu isanathe.

1996, kumapiri a Ntchisi

Ananditumiza ku sukulu ya pamwamba pa phiri ku Ntchisi, kumene galimoto inkafika m'chilimwe mokha. Nyumba inali yodontha, ndipo m'mawa nkhungu inkalowa mpaka m'kalasi. Ndinapita ndi inu aang'ono awiri. Akulu awiri munatsala ndi bambo anu ku Chisepo, ndipo tinakhala motero zaka ziwiri, tikuonana pa holide, mpaka iwo atapeza malo a shedi kufupi ndi ife. Miyezi yoyamba bambo anu sankalankhula nane momasuka. Sitinakambiranenso za lipoti lija, koma holide ina anabwera ndi makatoni odula kale atawamanga pa keriyala ya njinga.

Ahedi a kumeneko, a Lungu, anali atawerenga kale zonse za ine. Tsiku loyamba anandifunsa ngati zolembedwazo ndi zoona, ndipo ndinati ndi zoona. Kenako anandionetsa kalasi ya Sitandade 1 pawindo, ana ali pansi pa dothi lozizira opanda cholembera chilichonse. Anati iwo alibe makope, alibe masileti, ndipo munthu amene anapsa kale ndi chinthu amachisamala kuposa amene sanachigwirepo. Anandipempha kuti ndiyambirenso.

Ndinayambiranso, koma mosiyana. Ndisanauze ana kanthu ndinaitana makolo, n'kuwafotokozera ndekha zimene zinachitika ku Chisepo, kuti asadzazimve kwa ena. Tinagwirizana kuti chilichonse chobwera kusukulu chiziyamba chaonedwa ndi kholo kunyumba, ndiyeno ndi ine pachipata. Ana ndinkawaphunzitsa kugawa zotayidwa patatu: zogwiritsanso ntchito, zowola zopita m'dzenje la manyowa, ndi zosagwira n'komwe, monga mabotolo a mankhwala, mabatire otha, majakisoni ndi magalasi osweka. Za gulu lachitatuli mwana ankangoyenera kuitana munthu wamkulu. Madzi akumwa ndinaletsa kuti asabwere m'botolo lililonse lotola. Amayi a m'mudzi anatiumbira mitsuko iwiri ikuluikulu. Aphunzitsi a sukulu zoyandikana ankabwera okha kudzaona, popanda kalata ya ku boma, ndipo aliyense ndinkayamba ndamuuza za botolo ndisanamuonetse zitsekerero.

Sindinakwezedwe mpaka kupuma. Anzanga amene ndinayamba nawo ku Dzoole ena anakhala ahedi, ena alangizi. Nthawi zina zinkandiwawa, makamaka pamene ndinkalandira malangizo kwa achinyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira choko. Koma sindinaganizepo kuti ndikanasaina.

Za Esinati ndili ndi zochepa zoti ndikuuzeni. Tsiku limene tinkapakira katundu ku Chisepo, a Makwinja anabwera naye kunyumba kwathu. Anathandiza kukweza bedi ndi matumba a chimanga pa ngolo, ndipo titamaliza anaima pambali akupotokola chipewa. Anati fodya akagulitsidwa abwerera kwawo ku Phalombe, sakufunanso za utenanti, ndipo amapempha kalata yoti mwanayo akalandiridwe Sitandade 2 kumeneko, asakayambirenso. Ndinakhala pa mtondo n'kuilemba pabondo. Ndinalembamo kuti amawerenga bwino, amadziwa masamu mpaka zana, ndipo ndi waluso pa ntchito zamanja. Tinapita nayo kwa a Kamwendo, amene anaiwerenga yonse, kuidinda, n'kundigwira chanza koyamba chichitikire msonkhano uja. Esinati anaipinda kawiri n'kuilowetsa m'malaya.

Sindinamvenso za iye. Panopa ayenera kuti ndi mayi wa ana akuluakulu. Wina wa inu akadzapezeka ku Phalombe pa ntchito kapena pa maliro, adzafunseko za banja la a Makwinja amene anakhalako ku Chisepo, ku Dowa. Ndikufuna kudziwa ngati kalata ija inafika kwa ahedi a kumeneko.